Kuperekeza Chimphepo ku Banja Lachitatu

Kwathu ku Mchinji ndinakula ndi ng'ombe zangolo ndi abulu awiri a malume. Hatchi ndinkangoimva m'Baibulo. Ndiye musadabwe kuti mkazi wanga anaseka mpaka kugwira khoma tsiku limene ndinamuuza kuti Loweruka lililonse ndizikathandiza, popanda malipiro, pa kabungwe kosamalira mahatchi kunja kwa Leicester. Sabata yonse ndimasamalira okalamba ku Wigston, m'nyumba yonunkhira mankhwala okolopera. Chimene ndinkasowa chinali fungo la khola basi.

Kabungweko kamatola mahatchi amene apuma pa mipikisano yothamanga. Hatchi yampikisano ntchito imaithera ikadali yanthete. Ikayamba kutsalira m'mbuyo eni ake amaitaya mtima, pomwe ili ndi zaka zambirimbiri zoti ikhale ndi moyo. Ife timailandira, timaiphunzitsa kuyenda ngati munthu wopanda ngongole ya liwiro, kenako timaifunira banja loti liisunge.

Yapamtima panga inali yofiirira, ya banga loyera pamphumi. Dzina lake la pamapepala linali lalitali ngati la kampani ya maloya, ine ndinangoitcha Chimphepo. Inali yofatsa, yokonda kutsamiritsa chibwano paphewa langa ndikamasesa. Koma inali itasudzulidwa kawiri. Mabanja onse awiri anaibweza ndi mawu ofanana: imakhala bwinobwino, kenako tsiku lina imangopenga popanda chifukwa. Mayi Hilary, mkulu wa kabungweko, sanandibisire. Ikabwezedwa kachitatu akomiti adzailemba kuti ndi yoopsa, ndipo hatchi yolembedwa choncho palibe amaitenga. Mapeto ake ndi kuphedwa ndi jakisoni wa dokotala wa ziweto.

Banja lachitatu linapezeka kutali, ku Northumberland, kufupi ndi malire a Scotland. Anali mayi wina mlimi, dzina lake Jean. Ine ndinapempha kuti ndiyendetse ndine kalole konyamula mahatchi. Lamulo limati muzikhala anthu awiri, koma mnzanga woti tipite naye anadwala chimfine kutatsala tsiku limodzi, ndipo mkazi wanga anali pa shifiti. Mkazi wangayo ndiye anaimbira mkulu wake, alamu anga a Nachisale, namwino wa ku Evington. Anavomera msanga kwambiri, ndipo ndinayenera kukayikira pomwepo.

Anafika kukhola sikisi koloko m'mawa, atavala ngati akupita ku msonkhano wa amayi a mvano. Atatsegula kumbuyo kwa galimoto yawo ndinaona thumba la ufa, katoni yonunkha usipa, ndi chimtolo chachikulu chokulunga m'pulasitiki.

"Alamu, izi n'zachiyani?"

"Tinthu tochepa. Lole yonseyi ipite ndi hatchi imodzi yokha? Si tchimo limenelo?"

Mmalawi akamva kuti pali galimoto yopita kwinakwake safunsa kuti mukukatani. Amafunsa ngati muli malo. Katunduyo tinamulowetsa kuseri kwa mipando mwachangu, Mayi Hilary ali mu ofesi kutenga pasipoti ya hatchi. Alamu ataiona pasipotiyo anaitembenuza uku ndi uku.

"Ee! Hatchi ili ndi mapepala onse. Anzathu ena chaka chachisanu ichi akudikirabe."

Kukweza Chimphepo kunatitengera mphindi makumi anayi. Tinaikulunga miyendo ndi zotetezera, tinapachika udzu wouma mkati, koma iyo inangoponda phazi limodzi pa thabwa lokwerera n'kuima, ikuyang'ana kumwamba ngati ikuwerenga mitambo. Hatchi siikankhidwa. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Tinaima, alamu akuyang'ana wotchi, ine ndikuinyengerera ndi karoti, mpaka inapumira m'mwamba n'kukwera yokha ngati maganizowo anali ake.

Mayi Hilary anandigwira mkono pawindo. "Osapatuka. Osaitsitsa panjira. Madzi pakatha maola awiri aliwonse. Jean akukudikirani wani koloko." Ndinagwedeza mutu ngati mwana wa Sande sukulu.

Kuyendetsa hatchi kuli ngati kusenza beseni lodzaza madzi. Sukhota mwadzidzidzi, suponda buleki mwamphamvu. Pa maraundabauti a Leicester ndinkazungulira pang'onopang'ono moti m'mbuyo mwanga munali mzere wa galimoto ngati ndikutsogolera maliro. Kutsogolo kwathu kunali kagalasi koonetsa mkati mwa lole, ndipo alamu anakatenga ngati wailesi yakanema. "Taonani ikudya. Taonani yatseka maso. Koma ndiye ili ndi nsidze zabwino, inu." Pofika pa msewu waukulu wa M1 anali atayamba kale kuilangiza kuti ikafika kubanjako isamakwiye msanga, izidya zimene yapatsidwa.

Tikuyandikira mphambano ya ku Derby anatsokomola.

"Apa mukhotere kumanzere, alamu."

"Kumanzere kuli chiyani?"

"Normanton. Ndi panjira pomwe. Kuli chinkhoswe masana ano, ndipo zitenje za yunifomu ndi zimene zili m'chimtolomo. Amayi makumi atatu akudikira. Tingodiropa basi, maminitsi teni."

Ndinakana. Ndinatchula lamulo, ndinatchula Mayi Hilary, ndinatchula wani koloko. Iwo anandimvetsera mpaka kumapeto, kenako anafunsa mofatsa kuti kodi amene anandiyankhulira kwa bambo awo, nthawi imene ndinkafunsira mng'ono wawo ndili ndi buluku limodzi, anali ndani. Ndinayatsa chizindikiro chakumanzere.

Amene anamanga misewu ya ku Normanton sankaganiza za lole. Nyumba zogundana mbali zonse, galimoto zoimikidwa uku ndi uku, pakati kampata kongokwana njinga ziwiri. Ndinalowa ndikupemphera, magalasi a m'mbali atatsala pang'ono kupsopsona a eni ake. Malo oima ndinawapeza pakona, matayala awiri pamsewu, awiri pakhonde la sitolo ya nsalu. Alamu anatsika ndi chimtolo chawo n'kugogoda pa chitseko chobiriwira.

Amayi anatuluka ngati njuchi. Ataona zitenje, mmodzi anayamba nthungululu. Wina anaona mphuno ya Chimphepo pa kawindo ka m'mbali n'kukuwa kuti, "Abale, abwera ndi hatchi!" Pamenepo onse analandira, nthungululu ndi m'manja, msewu wonse kulira.

Lole inagwedezeka. Ndinamva kugunda kwamphamvu ngati munthu akumenya mgolo ndi nkhwangwa, kachiwiri, kachitatu. Pa kagalasi paja Chimphepo yanga yofatsa ija panalibe. Panali chinyama china, makutu ali njo, maso atatuzuka, miyendo ikuvina pamalo amodzi, khosi likuda ndi thukuta ndikuona. Inadzutsa mutu n'kuwomba chitsulo chapamwamba.

Ndinalumpha pansi n'kukuwa, "Chete! Chete nonse!" Ena mwa amayiwo anali a msinkhu wa mayi anga. Sindinakuwirepo akuluakulu chibadwire, ndipo mpaka lero ndikakumbuka ndimachita manyazi. Koma anakhala chete.

Ndinalowa pa kachitseko kakang'ono ka kutsogolo. Pamwamba pa diso lake lakumanja panali bala lotalika ngati chala, magazi akuyenderera. Ndinaika dzanja pakhosi pake ndipo ndinamva mtima wake ukugunda m'chikhatho changa. Ndinayamba kuiyankhula monga ndinkayankhulira ng'ombe za malume zikaopa mlatho. "Basi, mwanawe. Palibe kanthu. Ndili pano." Ndikuyankhula choncho ndinaona kaimidwe kake. Sinkafuna kuthawa ayi. Inaima ngati wothamanga amene akudikira kuti chipata chitseguke. Moyo wake wonse, khamu la anthu likakuwa, ndiye kuti nthawi yothamanga yakwana.

Maminitsi teni aja anasanduka ola ndi theka. Hatchi yotuluka thukuta chonchi sunganyamuke nayo. Tinatsegula mawindo onse n'kudikira. Amayi aja anabwerera m'nyumba monyang'ama, kenako anayamba kutuluka mmodzimmodzi, wina ndi tiyi, wina ndi mandasi, onse akunong'ona ngati pali wodwala kwakayakaya. Mayi wa mkwatibwi anaima pa kawindo n'kuwomba m'manja mosamveka. "Pepani, achimwene, sitimadziwa." Ankapepesa hatchi, osati ine.

Bambo wina wa ku Zambia, woyandikana nawo nyumba, anazungulira lole kawiri manja ali m'thumba.

"Ba mudala, iyi hosi ni yogulisa?"

"Ayi, ikupita kubanja."

"Ah, so ni ukwati futi? Lelo ni maukwati yekayeka mu rodi muno."

Alamu anatsegula bokosi lamankhwala la m'lole, anavala magolovesi, n'kutsuka balalo mwaluso ine nditagwira mutu. "Peshenti wabwino uyu," anatero. "A pa wodi yanga akanatukwana kale." Koma sanandiyang'ane kumaso.

Titayamba kunyamuka amayi anaima pakhomo kutitsanzika. Mmodzi anaiwala. Kanthungululu kanangotuluka pang'ono, theka lokha, ndipo nthawi yomweyo chiboda chinagunda khoma la lole. Alamu anatulutsa mutu pawindo. "Anaphiri! Pakamwa!" Apo ndiye ndinatsimikiza kuti sindinaganize molakwa.

Tinabwerera pa M1 dzuwa litakwera. Cha ku Sheffield anali akukonza msewu, mvula inayamba, ndipo tinakwawa pakati pa malole aakulu pafupifupi ola lathunthu. Alamu anaimbira Mayi Jean kuti tichedwa chifukwa cha mzere wa galimoto, ndipo atadula foni anaoneka okhutira kuti sananame. Mapanga awiri avumbwitsa, ndinawauza. Iwo anati mwambi suchiritsa bala, tiyeni tikambe zoti tikanene.

"Tikanena kuti inadzigunda pa raundabauti. Zimachitika."

"Nanga za nthungululu?"

"Alamu, munaona chinkhoswe chimene ankhoswe amaimirira n'kunena kuti mkwatiyu amachita mkonono? Zimenezo amakazipeza okha m'nyumba. Mukakaulula, mayiyo aikana pomwepo, ndipo mukudziwa chimene chikuidikira kumbuyoku. Komanso a Hilary akamva za Derby akusaspendani."

Zonse zimene ananena zinali zoona.

Tinaima pa malo opumira apaulendo cha ku Wetherby, kumapeto kwenikweni kwa bwalo la malole, kutali ndi anthu. Chimphepo inanunkhiza ndowa ya madzi n'kutembenuka. Hatchi zina zimakana madzi paulendo. Tinathiramo madzi a maapozi amene alamu anadzigulira okha, ndipo anadandaula kuti chakumwa chawo chikupita kwa munthu wosathokoza. Tinadikira. Woyendetsa lole wina, mzungu wa ndevu zambiri, anabwera ndi kapu yake ya khofi n'kusuzumira.

"Ndewu?" anafunsa, akuloza diso la hatchi.

"Chikondwerero," anayankha alamu. Bamboyo anagwedeza mutu ngati wamvetsa, n'kumapita.

Patapita nthawi Chimphepo inamiza mlomo m'ndowa. Ndikumvetsera kumeza kwake ndinkaganiza za kuntchito. Shifiti ikatha timachita chimene timati handova: umakhala pansi ndi wolowa m'malo mwako n'kumuuza za wokalamba aliyense, amene sanadye, amene wagwa, amene wakwiya. Tinali ndi gogo wina wosaona diso lakumanzere, amene ankamenya aliyense womudzera mbali imeneyo. Tsiku lina wina anaiwala kuuza mtsikana watsopano. Mtsikanayo anathyoledwa magalasi, ndipo gogoyo analembedwa kuti ndi wankhanza, pomwe anali wamantha chabe. Ndinawafotokozera alamu nkhaniyi. Anati hatchi si gogo, ndipo tikwere tisanachedwenso.

Kuchokera pamenepo msewu unali wautali koma wosavuta. Tinadutsa Scotch Corner, tinadutsa Newcastle, nyumba zinayamba kuchepa, nkhosa kuchuluka. Titachoka pa msewu waukulu kamakina kolozera njira kanasokonezeka n'kumatiuza kuti tafika tili pakati pa munda wa eni ake. Tinabwerera chambuyo kawiri m'tinjira ta mipanda ya miyala, alamu atatsika, akundilozera ndi ambulera ngati wapolisi wa pamsewu. Tinafika folo koloko itadutsa.

Mayi Jean anali wamfupi, wa imvi, wa manja okhakhala ngati a munthu wa khasu. Sanafunse za kuchedwa. Anatilozera kabusa kamene anakonzera Chimphepo, ka mpanda watsopano, ndowa yatsopano, udzu wobiriwira bwino. Ndinakayang'ana mtima uli m'malo, mpaka maso anga anadutsa mpandawo. Kuseri kwake, mtunda woti mwana angaponye mwala, kunali bwalo la mpira la m'mudzimo, magolo opakidwa utoto woyera.

"Amasewera liti?" ndinafunsa.

"Lamulungu lililonse m'mawa. Mawa kuli masewera aakulu, mudzi wonse ubwera. Bwanji?"

Ndinatsitsa thabwa, ndinamasula hatchi, ndipo inatsika mwaulemu ngati mlendo wodziwa mwambo. Mayi Jean anaiyang'ana kuyambira kuziboda kukwera m'mwamba, n'kuima pa diso.

"Apa chachitika n'chiyani?"

Alamu anandiponda phazi. Anali atavala nsapato za nsonga.

Kunena zoona, bodza linali litafika kale pa lilime. Raundabauti, mawu amodzi okha, tikanamwa tiyi n'kubwerera. Koma ndinaona m'maganizo mawa m'mawa: chigoli chalowa, mudzi wonse wakuwa, ndipo mayi wamfupiyu ali m'kabusa yekha, wagwira chingwe, sakudziwa kanthu. Ndinachita mantha, chifukwa cha iye ndiponso chifukwa cha hatchi yanga.

Ndinanena zonse. Ndinanena za Derby, za zitenje, za amayi makumi atatu, za mtundu wa chikondwerero chakwathu chimene amayi amachita ndi lilime. Ndinanena kuti kulakwa kunali kwanga, ndinaphwanya lamulo, ndipo hatchiyi ikamva khamu likukuwa imaganiza kuti yabwerera ku mpikisano. Ndinamaliza ndi kuloza magolo aja.

Mayi Jean anazungulira Chimphepo pang'onopang'ono, anaisisita pamsana, anayang'ana bwalo la mpira nthawi yaitali. Alamu anali akuyang'ana nsapato zawo. Ine ndinali nditayamba kale kuganiza za ulendo wobwerera ndi hatchi kumbuyo, ndi nkhope ya Mayi Hilary.

"Mabanja awiri aja," anatero mayiyo potsiriza, "loyamba linkakhala pafupi ndi chiyani?"

Ndinaganiza. "Sukulu ya pulayimale."

"Lachiwiri?"

"Sindikudziwa bwino. Koma ankaitenga ku ziwonetsero za m'midzi."

Anaseka, kuseka kwa munthu amene watula katundu. "Mukudziwa, ine sabata yonseyi sindinagone bwino. Mapepala akuti imapenga popanda chifukwa. Ine ndine wamkulu, ndimakhala ndekha. Hatchi yopenga popanda chifukwa sindingaithe, ndipo ndinali nditaganiza kale kuti ikangoyamba, ndiibweza. Koma yokhala ndi chifukwa ndi hatchi wamba." Analoza kaphiri kuseri kwa nyumba. "Uko kuli busa lina, kuli kahatchi kanga kokalamba kosamva makutu. Mpira sumveka kumeneko. Ikazolowera, ndizibwera nayo pafupi pang'onopang'ono, mpaka idzadziwe kuti akukuwawo sakuitana iyo."

Alamu anagwira pakamwa ndi manja onse awiri, mapewa akugwedezeka.

"Koma za Derby," anapitiriza Mayi Jean, "a Hilary mukawauze nokha. Ine si mtumiki wanu." Ndinakawauzadi Lolemba lake, ndipo ndinakhala miyezi isanu ndi umodzi osagwira chiwongolero cha lole, ndikungowola ndowe. Sindinadandaule.

Koma tsikulo, pabwalo paja, panatsala chinthu chimodzi chimene sindinachikonzekere. Mayi Jean anasaina mapepala pa boneti, analandira pasipoti, kenako anatambasula dzanja. Ine ndinangoliyang'ana. Ulendo wonse ndinkaopa kuti aikana. Sindinaganizepo kuti akailandira, ndiye kuti ine ndibwerera popanda iyo. Chimphepo inali itatsamiritsa chibwano paphewa langa, ikupumira m'khutu mwanga, ndipo zala zanga zinakana kutseguka.

Mayi Jean anadikira, dzanja lili chitambasulire. Alamu anabwera pafupi n'kundigwira chigongono, ndipo kwa nthawi yoyamba tsiku lonselo anayankhula motsitsa mawu.

"Alamu, siyani chingwe. Afika kwawo awa."

Ndinasiya. Anakwera kaphiri kaja awiriwiri, mayi wamfupi ndi hatchi yaitali, ndipo ine ndinaima pomwepo ndikulira poyera, bambo wa ana atatu, mpaka analowa kuseri.